Ziganizo ziwiri sizikwanira: kafukufuku wa ku Balaka ndi Machinga tikamuwerengera ku Msumba

Kafukufuku wathu wa maphunziro a zinenero ziwiri amakonda kuthera pakhomo la sukulu. Timayesa mwana akuphunzira m'Chinyanja, timamuyesanso atasamukira ku Chipwitikizi, kenaka timalemba lipoti. Ntchito ya PEBIMO, imene inayesedwa kuyambira 1993 mpaka 1997 m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, inaonetsa kuti ana amamasuka kulankhula ndi kuyankha m'kalasi akamaphunzira m'chinenero cha kwawo, ndipo inatsegula njira yoti maphunzirowa alowe m'sukulu za boma mu 2003. Ana a PEBIMO aja lero ali ndi zaka pafupifupi 40. Funso limene kholo la ku Msumba limafunsa, lakuti mwanayu akadzakula chidzatsale n'chiyani, mayeso a m'kalasi saliyankha.

N'chifukwa chake kafukufuku wotchedwa Malawi Schooling and Adolescent Study ndi wofunika kumuwerenga ndi diso lakuthwa. Bungwe la Population Council linamuyamba mu 2007 m'maboma a Balaka ndi Machinga, ndi achinyamata oposa 2,600 a zaka 14 mpaka 17. Ambiri anatengedwa m'sukulu za pulayimale 59, ena anali atasiya kale sukulu. Ofufuza anawabwerera chaka chilichonse mpaka 2011, ndiponso mu 2013. Amenewa ndi ana amene anayamba sukulu Malawi atachotsa kale fizi ya pulayimale mu 1994, ndipo ankaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, kenaka m'Chingerezi. Dongosolo limeneli silikutalikirana ndi lathu. Ingochotsani Chingerezi muikepo Chipwitikizi.

Mphamvu ya kafukufukuyu ili pa chinthu chimodzi chimene ife sitichita: mwana atasiya sukulu, ofufuza sanamusiye. Anamutsatira ku banja, kumunda, kumsika, n'kumupatsanso mayeso omwe aja. Mu 2018 Erica Soler-Hampejsek, Barbara Mensch ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza, ndipo chachikulu chinali chakuti patapita zaka, atsikana ankatsalira m'mbuyo pa kuwerenga Chingerezi poyerekeza ndi anyamata, ngakhale atasiyira kalasi imodzi ndiponso ali ndi luso lofanana pa tsiku losiya. Kuwerenga si katundu woika m'sutikesi n'kudzamupeza ali momwemo. Kumatha ngati palibe choti uwerenge. Mphunzitsi aliyense wa m'mbali mwa nyanja amene anakumanapo ndi wophunzira wake wakale ku sikelo, mwana ali kumsana, akupempha wina kuti amuwerengere khadi, sangadabwe nazo. Koma kudziwa ndi maso n'kwina, kukhala ndi umboni wa anthu omwewo kwa zaka zisanu ndi chimodzi n'kwinanso, ndipo pamenepa ofufuzawa ayenera kuyamikiridwa.

Vuto langa lili pa muyeso. Muyeso wa kuwerenga umene unabwerezedwa ulendo uliwonse unali wakuti wachinyamata awerenge mokweza ziganizo ziwiri za Chichewa ndi ziwiri za Chingerezi. Pa Chingerezi muyesowu umalekanitsa ndithu, chifukwa kalembedwe kake n'kosiyana ndi katchulidwe, ndipo amene waiwala amakodwa pa mawu oyamba. Pa Chichewa, kapena Chinyanja chathu, zinthu sizili choncho. Mawu amalembedwa monga amamvekera, ndipo amene anadziwa maphatikizo akhoza kutchula ziganizo ziwiri zazifupi ngakhale atatha zaka zisanu asanagwire pepala. Ndiye kuti mtsikana amene amangotha kuphatikiza ma, me, mi ndi mnzake amene amawerenga kalata ya mtumwi Paulo pamaso pa mpingo wonse amapatsidwa chizindikiro chofanana. Sikelo imene imathera pa makilogalamu awiri singakuuzeni kusiyana kwa chambo ndi kampango wamkulu. Zotsatira zake n'zakuti zolembedwazo zimalankhula kwambiri za Chingerezi, pamene pakuoneka kusintha, ndipo wowerenga wa mu ofesi akhoza kuganiza kuti pa chinenero cha kwathu palibe nkhani. Chikhalirenicho nkhani ili pomwepo, kungoti chida sichinafikepo.

Palinso china chimene ife a ku Niassa timachiona msanga. Machinga ndi dera la Ayao ambiri, ndipo ku Balaka nakonso alipo ochuluka. Kwa mwana amene kunyumba amalankhula Chiyao, Chichewa ndi chinenero chachiwiri, Chingerezi chachitatu. Choncho kafukufukuyu asatchulidwe ngati umboni wa zimene zimachitika mwana akaphunzira m'chinenero cha amayi ake, chifukwa kwa ambiri a iwo sizinali choncho. M'boma la Lago kusakanikirana komweku kulipo: Chinyanja m'mbali mwa nyanja, Chiyao kumtunda, Chipwitikizi m'mabuku. Aliyense wofuna kubwereza ntchitoyi kuno afunse kaye kuti mwanayu amakalipiridwa m'chinenero chanji akachedwa kubwera kunyumba.

Nanga kukula n'chiyani? Kafukufuku wa mtundu uwu amawerenga masitepe odziwika: kusiya sukulu, kuyamba zogonana, kulowa m'banja, kubereka, kupeza ntchito. Masitepewa ndi enieni, ndipo malamulo athu amayendera omwewo. Lamulo la 2019 loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18 ndi chitsanzo. Koma pa pepala la mafunso mnyamata amakhala "wa pasukulu" kapena "wosiya". Ku Msumba alipo amene dzina lake lili m'kaundula wa kalasi 6, koma usiku ali pa bwato ndi nyali kukoka chilimila, amalandira gawo lake la usipa, ndipo ndalama za sopo pakhomo zimachokera kwa iye. Akulu amamuona ngati wamkulu kale. Mtsikana amene wapatsidwa munda wake wa chinangwa, kapena amene walangizidwa ndi anamkungwi, wadutsa malire amene funso la "kodi munakwatiwa?" siliwaona. Ofufuza a ku Malawi anayesetsa pa mafunso ochititsa manyazi, mpaka kugwiritsa ntchito kakompyuta kam'manja kuti wachinyamata azimvera funso m'makutu n'kuyankha yekha. Ngakhale choncho, iwo eni analemba poyera kuti ena amene chaka chino anavomera kuti anayamba zogonana, chaka chotsatira ankakana. Ndimawalemekeza chifukwa chosabisa zimenezi. Zikutikumbutsa kuti wachinyamata sayankha pepala, amayankha mlendo, ndipo amalingalira kaye chimene mlendoyo akufuna kumva.

Kafukufuku wina wa ku Balaka, Tsogolo la Thanzi, wotsogoleredwa ndi Jenny Trinitapoli ndi Sara Yeatman, ankabwerera kwa atsikana ndi amayi achichepere pafupifupi 1,500 miyezi inayi iliyonse kuyambira 2009 mpaka 2011, chifukwa pa msinkhu umenewu chaka chimodzi n'chachitali. Chibwenzi chimayamba, mimba imabwera, munthu amasamuka, zonse ulendo wotsatira usanafike.

Kusamukako ndiye kungatigwetse kuno. Wachinyamata wa ku Machinga akapita ku Zomba kapena ku Blantyre akadali m'dziko lomwelo, ndipo ofufuza akhoza kumulondola. Wa ku Msumba akhoza kupita ku Metangula kapena ku Lichinga, koma akhozanso kuwoloka kupita kwa azakhali ake ku Likoma, komwe ndi Malawi, kapena kutsata usodzi mpaka ku Tanzania. Njira zimenezi n'zakale. Amishoni a UMCA, m'masiku a William Percival Johnson ndi sitima ya Chauncy Maples, ankayendetsa sukulu za Chinyanja m'mbali mwa nyanja muno ali ndi likulu ku Likoma, ndipo nkhondo itayamba mu 1964 mabanja ambiri anathawira komweko ndi ku Malawi. Kafukufuku wa dziko limodzi amalemba mwana wotere kuti "sanapezeke". Koma ameneyu ndiye amene Chinyanja cha kusukulu chikumugwirira ntchito koposa, chifukwa kutsidyako Chipwitikizi sichimugulira ngakhale mchere.

Sindikunena kuti tidikire ndalama zotsatira anthu 2,600. Mndandanda wa ana amene akumaliza kalasi 6 chaka chino m'sukulu zochepa za Msumba ndi Metangula, a zinenero ziwiri ndi a Chipwitikizi chokha, ndi wokwanira kuyambira, makolo ndi anawo atavomera. Tilembe mayina a abale awiri kapena atatu amene adzadziwe kumene mwanayo ali, kuphatikizapo a kutsidya. Tikamabwerera, tisanyamule ziganizo ziwiri. Tinyamule khadi la ku sikelo, uthenga wa pafoni wonena za ndalama, ndi ndime yaitali ya Chinyanja yokhala ndi mafunso, ndipo timupemphe alembe kalata yaifupi m'chinenero chimene wasankha yekha. Timufunsenso chimene anawerenga sabata yathayi, kaya kutchalitchi, kumsikiti kapena pa WhatsApp, ndiponso ngati ndi iye amene amawerengera ena pakhomo kapena amawerengeredwa.