Mwana Sagaŵidwa Ngati Nsomba: Za Kulera Ana Ukwati Ukatha

Ukwati ukatha, kodi ana apite kuti? Maiko ena ayesa kuyankha funsoli ndi masamu. M'chaka cha 2006 dziko la Belgium lidalamula kuti, kholo limodzi likapempha, bwalo liyambe laganizira zoti mwana azikhala masiku ofanana kwa bambo ndi kwa mai. Chaka chomwecho Australia idaika lamulo loti bwalo liziyamba mlandu poganiza kuti makolo agaŵana udindo mofanana, koma mu 2024 mfundoyi idachotsedwa.

Cholinga chake n'chabwino, pakuti ngakhale ukwati uthe, bambo akhalabe bambo ndipo mai akhalabe mai. Nawo Malamulo a Eklezia a 1983, pa nambala 1154, afuna kuti olekana asamale za chakudya ndi maphunziro a ana ao. Chimene tikukana n'chakuti chilungamo chisanduke kuŵerenga masiku.

Tiyeni tiyang'ane ku Usisya. Bambo amagona panyanja kupha usipa, mwina adapita ku Joni. Mai wabwerera kwao ku Chintheche. Ulendo wake ndi wapaboti, apo ayi wa mseu wamapiri wodzera ku Mzuzu, umene umavuta m'dzinja. Mwana woyenda sabata kuno sabata uko adzaphunzira pasukulu iti? Atagaŵidwa motero, akhuta ndi makolo. Wosauka ndi mwana.

M'buku lake la 1964 lonena za Atonga, J. van Velsen adaonetsa kuti akuchikazi ndi akuchimuna onse amamkoka mwana, ndipo kumene akhale sikutsata lamulo limodzi louma. Tsono ana kuno sakhala a anthu aŵiri okha: alipo amalume, azakhali ndi agogo.

Tiyamikira lamulo la Malaŵi la 2010 la chisamaliro ndi chitetezo cha ana, popeza liika ubwino wa mwana patsogolo. Komabe bwalo liri kutali, ndipo chigamulo cha papepala sichigula ufa. Mfumu Solomoni adazindikira mai weniweni poona amene adalola kuluza mlandu kuti mwana akhale moyo.

Ife ansembe timafulumira kufunsa za Sakramenti, za ana n'kuiŵala. Banja likagwedezeka, tiitane ankhoswe a mbali zonse, tifunse poyera: mwanayu adya kuti, aphunzira kuti, kholo linalo adzaliona liti? Mwanayo timumvenso. Tikapanda kutero, maulaliki athu onena za banja adzakhala mau chabe.