Perry Mason: mathero timawadziwa, komabe timaonera

Anzanga, musanyoze Perry Mason poti alibe makala. Seweroli linkaonetsedwa pa CBS kuyambira 1957 mpaka 1966, Raymond Burr ali loya woteteza anthu onamiziridwa kupha. Mathero ndi odziwikiratu: Mason awina, Hamilton Burger woimira boma atuluka ndi manyazi.

Nanga kukoma kwake kuli pati? Kuli m'mafunso. Mason amafunsa mwachifatse, funso ndi funso, mpaka mboni yabodza itadzikola yokha. Pa DVD mutha kubwezera m'mbuyo n'kupeza pomwe inaterereka lilime, osadandaula za bandulo.

Chondidandaulitsa n'chimodzi: kawirikawiri wakupha amangoulula yekha m'khoti. Kukhoti kwenikweni zotere n'zosowa, ndipo wosalakwa wopanda loya waluso amatha kumangidwa ndithu.