Za Mau Akuti "Kwasa-kwasa"

Munthu amene anakhala ku Matero, ku Kanyama kapena ku Chawama kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 sangaiwale mau akuti "kwasa-kwasa". Anali kumveka m'nyumba za mowa, pa maukwati ndi m'mabasi, ndipo ngakhale ana ang'ono anali kuwapfuula m'miseu pogwedeza ciuno. Koma mwa onse amene anabvina guleyo ndi owerengeka okha anafunsa kumene mauwo anacokera.

Gule ameneyu anabadwira ku Kinshasa, m'dziko la Congo, limene kuyambira 1971 kufikira 1997 linali kuchedwa Zaire. Mbiri imati anamyamba ndi makaniko wina dzina lace Jeanora, ndipo oyimba monga Pepe Kalle ndi Kanda Bongo Man ndiwo anamfalitsa. Kanda Bongo Man, amene anasamukira ku Paris mu 1979, anaturutsa lekodi yochedwa Kwassa Kwassa mu 1989. Pulezidenti Kaunda anali atalamula kale, m'zaka za m'ma 1970, kuti mwa nyimbo 100 za pa wailesi 95 zikhale za m'Zambia. Koma makaseti a m'makomboni sanali kupempha cilolezo ca boma.

Ambiri odziwa nyimbo za ku Congo amati mauwa anacokera ku Cifalansa, cinenero cimene anasiya Azungu a ku Belgium amene analamula dzikolo kufikira 1960. Mau ace ndiwo quoi ça, ndiko kuti, "N'ciani ico?" Pa pepala awiriwa safanana konse, koma khutu limawamva amodzi, pakuti m'Cifalansa zilembo oi amaziwerenga "wa", ndipo c wokhala ndi kamcira amamveka ngati s. Cotero quoi ça amatuluka m'kamwa ngati "kwa sa". Si Cifalansa ca m'kalasi iai. Mphunzitsi akadafuna funso lalitali, qu'est-ce que c'est, lalifupili ndi la m'mseu, la munthu wodabwa, monga mwana wa ku Kalingalinga amangoti "Ni cani?" pamene buku likadati, "Kodi cimeneci n'ciani?" Dzina lina la nyimbo zomwezi, soukous, nalonso linacokera ku Cifalansa, ku mau akuti secouer, kugwedeza.

Tsono mnyamata wotsiriza sukulu akamva zimenezi amathamangira kunena kuti akulu ace anayimba cosacidziwa, ndi kuti tanthauzo leni-leni la mauwo ndilo funso lija. Apa walakwa. M'nyimbozo mauwa sakhala m'ndime zimene woyimba asimba za cikondi kapena za mabvuto ace. Amadza pa cigawo cochedwa sebene, pamene magitala athamanga ndipo munthu wochedwa atalaku apfuula kusonkhezera obvina, nchito imene gulu la Zaiko Langa Langa linakhazikitsa mu 1982. Pamenepo palibe afunsa kanthu, palibenso ayembekeza yankho. Mauwo agwira nchito ya ng'oma, kuuza ciuno pofika. Funsolo linafera ku Kinshasa komweko, lisanaoloke malire pa Kasumbalesa.

Ndipo khutu la Mnyanja linali lokonzeka kale kuwalandira. Cinyanja ciri ndi mau ambiri obwereza amene aonetsa m'mene cinthu ciyendera, monga gwede-gwede, piringu-piringu, balala-balala. "Kwasa-kwasa" anakhala pakati pa amenewa ngati mbadwa, ndipo mai wa ku Chawama amene anawamva ngati mayendedwe a thupi anayandikira tanthauzo lace koposa wophunzira wa dikishonale.

Cobvuta ciri pena. Mauwa anakoma m'kamwa kotero kuti m'Zambia ndi m'Malawi ambiri anayamba kucha nyimbo iri yonse ya ku Congo kwasa-kwasa, ndipo dzina limodzi linameza nyimbo zosiyana. Franco, amene anamwalira mu 1989, anali kuyimba rumba yofatsa yokhala ndi nkhani. Nyimbo yace Mario, ya mu 1985, isimba za mnyamata wophunzira amene, m'malo mofuna nchito, adya cuma ca mai wacikulire wom'sunga. M'makomboni munali anyamata ambiri a masatifiketi opanda nchito m'zaka zimenezo, ndipo anaibvina mokondwa osadziwa kuti woyimbayo anali kunena za munthu wofanana nao.