Umboni wa m'matope: ndemanga ya buku la Anthropocene

Akatswiri a miyala sakhulupirira nkhani ya pakamwa. Kuti avomereze kuti nyengo ina ya dziko lapansi yatha ndipo ina yayamba, amafuna aone malire ake m'thanthwe, m'matope a pansi pa nyanja kapena m'madzi oundana. Pomwe ma dinosaur anathera, zaka 66 miliyoni zapitazo, pali kamzere ka dongo lokhala ndi iridium, ndipo malo amene anasankhidwa kuimira malirewo ali ku El Kef, m'dziko la Tunisia. Nyengo ya Holocene, imene mabuku amati tikukhalamo, inayamba zaka 11,700 zapitazo. Nanga munthu, kodi walemba kale mzere wakewake?

Limeneli ndilo funso la buku la The Anthropocene as a Geological Time Unit, limene a Cambridge University Press anatulutsa mu 2019. Alikonza ndi Jan Zalasiewicz, Colin Waters, Mark Williams ndi Colin Summerhayes. Dzina la Anthropocene analitchukitsa ndi Paul Crutzen mu 2000, ndipo kuchokera pamenepo aliyense wakhala akulikokera kwake. Bukuli likulibwezera kwa eni ake, anthu a nyundo ndi miyala.

Pomwe lagwira bwino ntchito ndi pa umboni. Konkire, aluminiyamu, mapulasitiki, timibulu ta phulusa la malasha, nayitrojeni wa mu feteleza: zonsezi zikupezeka m'matope amene akuunjikana lero, pomwe pansi pang'ono mulibe kapena muli tochepa. Gawo limene linandigwira mtima ndi la plutonium. Bomba loyamba la nyukiliya linaphulitsidwa ku New Mexico pa 16 Julaye 1945, koma fumbi la mabomba oyeserera linayamba kuoneka m'dothi la dziko lonse cha mu 1952, n'kufika pachimake cha mu 1964. Plutonium-239 amatenga zaka zoposa 24,000 kuti theka lake lithe. Chizindikiro chotere, chogwa nthawi imodzi ku makontinenti onse, n'chimene ofufuza miyala amachilakalaka. N'chifukwa chake alembi akukankhira pambali maganizo a William Ruddiman, oti munthu anayamba kusintha dziko kalekale ndi ulimi, komanso chaka cha 1610 chimene Simon Lewis ndi Mark Maslin anasankha. Ulimi sunayambe tsiku limodzi paliponse.

Koma owerenga adziwe chinthu chimodzi. Akonzi onse anayi anali a m'gulu la Anthropocene Working Group, lomwe linakhazikitsidwa mu 2009, ndipo ambiri mwa mamembala ake ankafuna kuti nyengoyi ivomerezedwe. Tingati woimira mbali imodzi pa mlandu ndiye wasonkhanitsa mboni. Zimene Stanley Finney ndi Lucy Edwards anafunsa mu 2016, ngati nkhaniyi ndi ya sayansi kapena ya ndale, sizinathe mphamvu. Zaka 70 zokha, matope ake osauma n'komwe, zingaikidwe pa tchati chimodzi ndi nyengo za zaka mamiliyoni? Ine umboni wandikhutiritsa kuti mzere ulipo. Zoti ukuyenera dzina la nyengo yonse, bukuli likunena molimba mtima kuposa momwe lasonyezera.

Chinanso chimandivuta. Fumbi la mabomba linagwera aliyense, koma owaphulitsa anali maiko owerengeka. France anayesera bomba lake loyamba ku Reggane, m'chipululu cha Algeria, mu 1960. Matope sanena kuti wolakwa ndani, ndipo buku la miyala silingaimbidwe mlandu pa zimenezo, komabe wowerenga wa ku Africa adzaona mpata umenewu.

Si buku lowerenga utagona pa mphasa. Chingerezi chake n'cholimba, ma girafu ndi ochuluka, ndipo poti alembi ndi ambiri, mfundo zina zikubwerezedwa. Malo ake ndi laibulale ya yunivesite. Mu Meyi 2019 gulu la Anthropocene Working Group lija linavota kuti malire aikidwe pakati pa zaka za m'ma 1900. Panthawiyo chinatsala n'kupeza nyanja, phanga kapena madzi oundana poti akhomepo chizindikiro, kenaka makomiti a pamwamba aweruze.