Mfumu Constantine m'Buku la Episkopi Eusebius

Lamulungu lililonse tikaimirira pa Misa kuti tivomereze chikhulupiriro chathu, timatchula mawu amene gwero lake ndi msonkhano wa aepiskopi wa ku Nicaea, m'chaka cha 325. Amene adaitanitsa msonkhanowo sadali Papa ayi, koma mfumu ya Aroma, Constantine, munthu amene pa nthawiyo adali asanabatizidwe. Tsono nkoyenera kuti tidzifunse: kodi mfumuyi timaidziwa kudzera mwa yani?

Zambiri zimene tidamva za iyo zichokera m'buku lotchedwa Moyo wa Constantine, limene Eusebius, episkopi wa ku Caesarea, adalemba polemekeza mfumuyo. Iye asimba kuti mfumu pamodzi ndi asilikali ake adaona mtanda wowala kumwamba, dzuwa likuswa mtengo, asanakathire nkhondo Maxentius m'chaka cha 312. Akuti mfumu yomwe ndiyo idamuuza zimenezi, molumbira, patapita zaka zambiri. Koma Lactantius, amene adalemba nkhondoyo itangotha kumene, angotchula loto la usiku basi. Ngakhale Eusebius yemweyo, m'buku la mbiri ya Eklezia limene adayamba walemba, masomphenyawo sadawatchule. Ndalama zachitsulo nazo zili ndi umboni wake: chithunzi cha mulungu wa dzuwa chidakhalabe pa ndalama za mfumuyi zaka zingapo nkhondoyo itapita.

Komabe chimene chitivuta kwenikweni ndi zimene bukuli lidasiya. M'chaka cha 326, patangopita chaka chimodzi chichitikire msonkhano wa ku Nicaea, Constantine adalamula kuti mwana wake woyamba, Crispus, aphedwe, ndipo posakhalitsa mkazi wa mfumuyo, Fausta, adafanso imfa yokayikitsa. Pa zonsezi Eusebius ali duu, ngati kuti Crispus sadabadwe nkomwe. Asimbanso mwaulemu za ubatizo wa mfumu, umene idalandira ili pafupi kutsirizika m'chaka cha 337, koma dzina la wobatizayo alibisa. Ameneyu adali Eusebius wina, wa ku Nicomedia, bwenzi la Arius, amene chiphunzitso chake msonkhano uja udachikana. Nthawi imeneyo nkuti Athanasius woyera, mtetezi wa chikhulupiriro cha ku Nicaea, ali ku Trier kumene mfumu yomweyo idamupirikitsira.

Tisafulumire kumuponya miyala episkopiyu. Iye adaona ndi maso ake mazunzo amene adayamba m'chaka cha 303, ndipo mphunzitsi wake Pamphilus adafera Mulungu m'mazunzomo. Munthu wotero akaona mfumu ikuitanira aepiskopi kuphwando m'nyumba yake yachifumu, kodi lilime lake lingakhale lakuthwa? Timumvetsa ndithu, koma mbusa akadya kwa mfumu nakhala chete pa magazi a mwana, nkhosa zili ndi chifukwa chodandaulira.

Jacob Burckhardt, polemba m'chaka cha 1853, adamuyesa wabodza wotheratu. Pamenepo adapitirira muyeso. Kachidutswa ka gumbwa kosungidwa ku London kadapezeka kuti kali ndi mawu a kalata ina ya mfumu, ofanana ndi amene Eusebius adakopera m'buku lake. Makalatawo sadapeke, adangosankha zoti anene.

Wofuna kumva za imfa ya Crispus ayenera kupita kwa Jerome woyera, kapenanso kwa Zosimus, wolemba wachikunja. Koma Zosimus nayenso ali ndi mbali yake: iye akuti mfumu idatembenuka pofuna kusamba magazi a mwana wake, chonsecho idayamba kukondera Akhristu zaka zoposa khumi mwanayo asanaphedwe.