Mpini Watsopano, Khasu Lakale

Mlimi akagula mpini watsopano sataya khasu lake lakale. Amangolikhomera mu mpiniwo n'kupitiriza kulima. Muyeso womwewu ndi woyenera poweruza makina a masewero a pa kanema amene anyamata amalipira kuti asewerepo m'timashopu ta mu Blantyre, kuyambira ku Maselema mpaka ku Ndirande ndi ku Bangwe. Makina abwino ndi amene amalandira zimbale za makina amene adawatsogolera.

Kampani ya Sony idaonetsa nzeru imeneyi m'chaka cha 2000 pamene idatulutsa PlayStation 2. M'kati mwake akatswiri adaikamo ubongo wa PlayStation yoyamba ya 1994, motero zimbale zakale zinkasewereka bwinobwino. Makinawa adagulitsidwa oposa 150 miliyoni. PlayStation 3 ya 2006 idayambanso motero, koma pofika 2007 kampaniyo idachotsamo zipangizo zowerengera zimbale za PlayStation 2 pofuna kutsitsa mtengo. PlayStation 4 ya 2013 idakaniratu zimbale zonse zakale. Padapita zaka zisanu ndi ziwiri kuti PlayStation 5 ibwezeko ulemuwo, ngakhale kuti iyo imangolandira za PlayStation 4 zokha.

Ena amati kusunga zakale kumakweza mtengo, ndiponso kuti PlayStation 4 idayenda malonda popanda mwayi umenewu. Mfundoyi ili ndi mutu, koma ikuonera nkhani kumbali ya wogulitsa. Mwini kashopu m'tauni muno kawirikawiri amagula makina ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo zimbale amazisonkhanitsa chimodzichimodzi kwa zaka zambiri. Zimbalezo ndizo mpamba wake. Makina akafa, atsopano nakana zimbalezo, mpamba wonse umasanduka zinyalala tsiku limodzi. Kumuuza munthu wotere kuti agulenso masewero omwewo pa intaneti n'kumulipiritsa kawiri katundu mmodzi, kuonjezera pa mtengo wa intanetiyo.

Palinso chiopsezo choposa cha ndalama. Masewero ndi luso: muli nthano, zojambula ndi nyimbo. Buku lakale limawerengeka ndi maso okha, koma sewero limafa pamodzi ndi makina ake. Kafukufuku wa bungwe la Video Game History Foundation wa 2023 adapeza kuti mwa masewero 100 alionse amene adatuluka ku America chisanafike chaka cha 2010, 87 sankapezekanso pa msika. Amalawi sangadabwe nazo, pakuti m'nyumba zambiri muli makaseti a nyimbo za m'ma 1990 amene adakhala chete chifukwa mawailesi owaimbira adatha.

Choncho makina asatamandidwe chifukwa cha kuwala kwa zithunzi kokha. Funso loyamba kwa wogula likhale lakuti: kodi makinawa adzazitani zimbale zimene zili kale m'nyumba? Opanga amene amayankha bwino funsoli amalemekeza thukuta la wogula, ndipo amasungira ana a mawa luso la dzulo.