Chomwe Hammer anadutsa mothamanga pa nkhani ya Ford

Nkhani ya Michael Hammer ya mutu wakuti "Reengineering Work: Don't Automate, Obliterate", yomwe inatuluka mu Harvard Business Review mu 1990, imadziwika ndi ukali wake. Iye akudzudzula makampani ogula makompyuta ongofulumizitsa kagwiridwe ka ntchito kachikale m'malo mokagumula n'kuyambiranso. Umboni wake waukulu ndi kampani ya magalimoto ya Ford.

Nthambi ya Ford yolipira ogulitsa zipangizo ku North America inali ndi antchito oposa 500. Mabwana ankafuna kuti atsale 400, mpaka anadzaona kuti ku kampani ya Mazda ntchito yomweyo ankaigwira anthu 5 okha. Chinkadya nthawi ku Ford chinali mapepala atatu: oda yochokera ku nthambi yogula, chikalata chosonyeza kuti katundu wafika, ndi invoisi ya wogulitsa. Kalaliki ankayenera kufananiza zinthu 14 pamapepalawa asanalembe cheke, ndipo chimodzi chikasiyana, malipiro ankaima uku anthu akufufuzana.

Ford inangothetseratu invoisi. Wogula amalowetsa oda mu database. Katundu akafika, kalaliki wa pamalo otsitsira amayang'ana pakompyuta ngati pali oda yake, ndipo kompyuta imafananiza zinthu zitatu zokha: nambala ya chipangizo, muyezo wake ndi nambala ya wogulitsa. Zikagwirizana amalandira, ndipo cheke chimatuluka chokha. Zikapanda kugwirizana, katundu amabwerera komwe wachokera. Hammer akuti antchito anachepa ndi 75 peresenti, ngakhale chiganizo chakecho chili ndi kamchira komwe ambiri amakadumpha: izi zinachitika m'malo okhawo omwe njirayi inakhazikitsidwa.

Kwa ine, mtima wa ndimeyi uli pa database ija, yomwe Hammer akungoitchula modutsa ngati inagwa kuchokera kumwamba. Kuti kalaliki wa pageti akhulupirire zomwe akuona, nthambi yogula, yolandira katundu ndi ya maakaunti ziyenera kukhala zitagwirizana kale kuti bawuti yakutiyakuti ili ndi nambala imodzi paliponse, ndiponso kuti muyezo wake ndi katoni kapena chidutswa. Wina akalemba makatoni 10 mnzake n'kuwerenga zidutswa 10, lole imabwezedwa ndi katundu wabwinobwino, fakitale n'kuima. Kale invoisi ndi yomwe inkagwira zolakwika zoterezi. Itachotsedwa, udindo wonsewo unagwera pa kalembera wa manambala.

Ntchito yogwirizanitsa zimenezi ilibe chikoka, n'chifukwa chake sinapeze malo m'nkhani yolalikira kugumula. Koma John Zachman anali atailemba kale mu IBM Systems Journal mu 1987, m'nkhani yomwe ambiri amaitenga ngati chiyambi cha enterprise architecture. Iye anati dongosolo la makompyuta lizijambulidwa monga mapulani a nyumba, mwini wake, wojambula ndi womanga aliyense ndi chithunzi chake, poyankha mafunso atatu: tikusunga chiyani, ntchito ikuyenda bwanji, ndipo ikuchitikira kuti. Hammer akulimbikira funso lachiwiri, chikhalirecho chitsanzo chake chaimira pa loyamba.

Funso lakuti "ndani" Zachman anadzaliwonjezera mu 1992 pamodzi ndi John Sowa. Ku Ford linali litadzuka kale, pakuti munthu wovomereza kuti ndalama za kampani zituluke tsopano anali kalaliki wolandira malole, yemwe poyamba ankangosaina kuti katundu wafika.